Luso ali nalo, pepala alibe

Abale anga a ku Etatara, Cuamba mpaka Mandimba, ndikulemba kuchokera kuno ku Joni. 

Mwezi wathawu ndinalandira setifiketi yowotcherera zitsulo, ija amati Red Seal. Ku koleji sindinapondeko. Kuno kuli njira yotchedwa ARPL: ukagwira ntchito zaka zingapo, umasonkhanitsa makalata a mabwana ako, nkukayesedwa ntchito yamanja. Ine ndinakayesedwa ku INDLELA, ku Olifantsfontein, ndipo pepala linachokera ku QCTO. Tsiku limenelo pamzere wathu panali mayi mmodzi yekha, ena tonse amuna.

Musaganize kuti amayi amawabweza pakhomo. Chimawatsekereza ndi kalata ija. Azilongo athu ambiri kuno akugwira ntchito m'nyumba za anthu, akuluka tsitsi m'masaluni, ena akusoka m'zipinda za lendi. Angawalembere kalata ndani? Ntchito yosalembedwa sibala pepala.

Kwathu mpata umatsekeka kale mtsikana asanagwire n'komwe chitsulo. Mlongo wanga ankandiposa masamu. Atatenga mimba, anamuuza kuti azilowa sukulu ya usiku, chifukwa lamulo la unduna wa maphunziro la 2003 linkatero. Mtsikana wapakati ayende mumdima mtunda wonse uja? Anangosiya. Lamulolo linachotsedwa mu 2018, ndipo mu 2019 boma linaletsa ukwati wa ana osafika zaka 18. Zabwino ndithu, koma kwa iye mvula inagwa mbewu zitauma kale.

Lero ndi telala. Mayunifolomu a ana a m'mudzi mwathu amatuluka pa makina ake, ndipo waphunzitsa kusoka anyamata awiri. Mmodzi mwa iwo anapita kukachita kosi, ali ndi setifiketi. Oda yaikulu ikabwera nkufunsa mapepala, amene amapatsidwa ndi wophunzira, mphunzitsi nkumangothandiza kusokerera mabatani.

Makosi aliko, a IFPELAC amaphunzitsa ntchito zamanja, ndipo mumzinda wa Cuamba muli sukulu ya zaulimi ya Universidade Católica. Koma kosi imafuna ndalama yoyendera, pogona m'tauni, ndi wokusungira ana. Thonje kapena fodya tikagulitsa, makolo amati, “Apite mnyamatayu, mtsikana akwatiwa.” Inenso ndinakwera sitima ya ku Nampula ndi ndalama ya thonje limene mlongo wanga anatola nawo.

Ndiye kusiyana kwake nkotani? Ku Joni mayi amafika mpaka pakhomo nkusowa kalata. Kwathu amatsala panjira. Mmera mpoyamba, abale.

Mwana wa mlongo wangayo ali kalasi 10, akuti akufuna zamagetsi. Ndawauza achimwene kuti ndalama imene ndinkatumiza ya malata iyambe yadikira. Denga lidonthe chaka china, koma iyeyo akalembetse.

Inu amene muli kuno ku Joni, ndalama ya fizi mukatumiza kumudzi, mumafunsa kuti yalipirira mwana uti?