Moto ndi Lata la Galimoto

Ife amene timakwera maminibasi a pakati pa Lusaka ndi Chipata taonapo zitseko zokhala ndi mafunde ngati madzi a padziwe. Kawirikawiri si ngozi inazipinda, koma moto wa mmisiri woocherera.

Lata la galimoto ndi lopyapyala. Pa magalimoto ambiri silipitirira milimita imodzi. Pamalo potenthedwa citsulo cimafuna kufutukuka, koma cozizira ca m'mbali cimacikaniza. Tsono pozizira, malowo amafupika, nakoka lata lonse. Ndico cifukwa cake colakwa cimaoneka moto utazima kale.

Mmisiri wodziwa nchito sathamangitsa moto msoko wonse. Amaika kadontho pano, kena patali masentimita angapo, nalumpha uku ndi uku, nadikira kufikira dzanja litakhoza kugwira lata. Kumbuyo amacirikiza ndi mkuwa, womwe uja wa ku migodi kwathu, popeza umamwa kutentha ndipo sumamatira ku msoko.

Lata likapindika ndithu, amamenya msoko pang'onopang'ono ndi nyundo, citsulo cosalala cili kumbuyo, kuti pofupikapo patambasukenso. Likatambasuka mopitirira, nkumalira ngati citini polikankha, amatenthapo kamalo kang'ono mpaka kufiira, namenya, naziziritsa ndi nsanza yonyowa.

Otidandaulitsa ndi aja omata filler yocindikala pobisa mafunde. Imang'ambika pa msewu wa maenje, madzi a dzinja nalowa, dzimbiri nkuyamba kudya citseko ca munthu amene anagulitsa cimanga cake kuti alipire.