Tisadikire maliro kuti timvere chimbale

Mu Lilongwe muno nyimbo zili paliponse, koma anthu omvera chimbale chonse ndi owerengeka. Ukayenda mu Malangalanga ku Old Town, kuchokera pa depoti ya mabasi mpaka kumsika, makutu amachita kuwawa. Anyamata a makompyuta ali yakaliyakali kuthirira anthu nyimbo m'mafoni, zosakaniza ngati ndiwo za paukwati. Ku Area 10 ndi Area 43, kuseri kwa mipanda ija, ana a mabwana ali ndi Spotify, yomwe idafika kuno mu 2021. Onsewa khalidwe ndi limodzi: kutola kanyimbo kamodzi kamene kavuta mtauni, zotsalazo ayi.

Ife amene tidakula ndi kaseti tidaphunzira kumvera mwa mtundu wina. Kaseti yochokera kwa O.G. Issa ku Limbe inkati ikalowa m'nyumba, umayamba mbali A, n'kutembenuza, mpaka ithe. Kudumpha nyimbo kunali kutha mabatire a bambo, ndipo ukafuna kubwereza umapota ndi bolopeni. Umphawi womwewo ndi umene udatiphunzitsa kuleza mtima.

Tsono ine ndidapatula mwezi wathunthu kuti ndimvere zimbale zomwe akatswiri akale atulutsa atakhwima, usiku umodzi chimbale chimodzi, osadumpha.

Ndidayambira kunja. A Rolling Stones adatulutsa Hackney Diamonds mu 2023, Mick Jagger ali ndi zaka 80. Chimbale chawo cha nyimbo zatsopano chomwe chidatsogola chidali cha mu 2005. Charlie Watts, woyimba ng'oma wawo, adamwalira mu 2021, koma m'nyimbo ziwiri ng'oma zake zikumveka. Ukamamvera umachita ngati uli pa mwambo wa chiliza: anthu akuvina, koma akudziwa amene palibe. Nas wa ku New York, amene adayamba ndi Illmatic mu 1994, adatulutsa zimbale 6 pakati pa 2020 ndi 2023, ndipo Grammy yake yoyamba adalandira mu 2021 chifukwa cha King's Disease. Naye Beyoncé mphoto ya chimbale chopambana pa chaka idamufika mu 2025, ndi Cowboy Carter, atayimba zaka zoposa 25. Kwa anzathuwa, woyimba akamakula anthu amatchera khutu kuti amve zomwe zaka zamuphunzitsa.

Nanga kwathu kuno? Ndidatenga Love and Hate, chimbale cha nambala 20 cha Soldier Lucius Banda. Munthu adayamba ndi Son of a Poor Man nthawi imene dziko limatuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, n'kupita ku Nyumba ya Malamulo mu 2004, n'kulawa ndende mu 2006, n'kutulukako ndi Cell 51 Maximum. Mawu a munthu wodutsa monsemo sangafanane ndi a mnyamata wa ku Balaka uja. M'chimbale chomalizachi ine ndidamva bambo, osati msilikali yekha. Koma atamwalira ku South Africa pa 30 June 2024, m'mabala ndi m'maminibasi momwe ine ndidadutsa munkamveka Mabala ndi zinzake zakale. Tidamulira ndi nyimbo za unyamata wake, ngati kuti zaka 30 zapakatizo adangokhala chete.

Ma Blacks nawo amakumana nazo. Evison Matafale adasiya Kuimba 1 ndi Kuimba 2 pomwe adamwalira mu November 2001. Anyamata a ku Chileka aja adapitiriza mpaka kudutsa Kuimba 10. Koma pita kudansi yawo ukamve: akangoyamba yatsopano, wina kumbuyo wakuwa kale, “Ikani yakale ija, madala!” Si chipongwe ayi, n'chikondi. Koma ndi chikondi chomanga munthu miyendo.

Chimbale chidandikhudza kwambiri ndi Musakayike cha Madalitso Band, cha mu 2022. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni adayimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe yomweyi, wina ndi babatoni, wina ndi gitala ya nsambo zinayi. Tinkawadutsa tikuthamangira minibasi. Lero zimbale zawo idatulutsa ndi kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva, ndipo azungu ku Ulaya amalipira kuti awaone. Zinatengera anthu akutali kutiuza kuti pakhomo pathu pali chuma. Chimodzimodzi agogo Giddes Chalamanda: achinyamata ambiri adawatulukira mu 2020, Patience Namadingo atakhala nawo pansi n'kuyimba limodzi, iwo ali ndi zaka 90.

Wina anganene kuti, “Aise, nthawi yasintha, chimbale n'chachikale.” Inde yasintha. Bandulo ndi yodula, ndipo woyimba amene wawononga ndalama ku situdiyo amadziwa kuti kanyimbo kamodzi kovina ndi kamene kadzadzaze holo ya BICC ku City Centre. Koma kanyimbo kamodzi ndi moni chabe. Chimbale ndiye kucheza, pomwe munthu amakuuza za ana ake, ngongole zake, matenda ake ndi Mulungu wake. Tikamangofuna moni, oyimba athu adzasiya kucheza nafe, ndipo mbiri ya dziko lino, yomwe yambiri idasungidwa m'nyimbo osati m'mabuku, idzakhala ndi mipata.

Akuti mawu a akulu amakoma akagonera. Vuto lathu n'lakuti timadikira kuti mwini mawuyo ndiye agone. Awerengi, sabata ino sankhani woyimba mmodzi amene mumati mumamukonda, mufunefune chimbale chake chomaliza, mugule mwachilungamo, mukhale pansi mumvere mpaka chithe. Ngati akadali moyo, akadzayamba yatsopano kudansi, inu mukhale woyamba kuyimba naye.