Kodi Ndikali Mlendo?

Agogo anga aakazi anabadwira ku Bulawayo. Kumeneko anakomana ndi agogo aamuna, amene anapita ku Rhodesia kukafuna ntchito monga ankachitira amuna ambiri a ku Nyasaland. Atadalitsa ukwati wao m'tchalitchi, anadzakhazikika kuno ku Kawale.

Lamulo la unzika la 1966 linapereka mwai kwa mkazi wa dziko lina wokwatiwa ndi Mmalaŵi kuti alembetse unzika. Chofunika chinali kukapempha. Koma agogo aamuna ankangoti, "Tidzapita mawa." Imfa inafika mawalo lisanafike.

Mu 1917 ayi, koma posachedwapa mu 2017, pamene boma linali kulemba anthu kuti alandire ziphaso za unzika, ndinawaperekeza agogo. Kalaliki anawafunsa mwaulemu za mudzi wao ndi mfumu yao, iwo nkukhala chete. Pobwerera anandigwira dzanja nati, "Mdzukulu wanga, ndinaika mwamuna ndi ana aŵiri m'nthaka ino. Kodi ndikali mlendo?"

Ndinaŵerenga za Rute wa ku Mowabu kuseminale, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinamumvetsa. Iye anasiya kwao chifukwa cha chikondi, ndipo anthu a ku Betelehemu anamlandira.

Inu abale amene mwakwatira ku Joni kapena ku Harare, paguwa munalonjeza kusamalana. Kukonza mapepala a mnzanu mukali moyo ndi mbali ya lonjezo lomwelo. Musamsiye mlendo m'nyumba imene anamanga nanu.