Odi Pakhomo pa China

Ife tikafika pakhomo pa munthu timati, "Odi!" Sitilowa kufikira mwini nyumba atati, "Lowani." Maiko nawonso ali ndi mwambo womwewu. Lero tikambirane za China, dziko lalikulu la kum'mawa kwa Asia.

China ndi kutali, koma dzina lace si lacilendo m'makutu mwathu. Ubale wa boma lathu ndi boma la China unayamba pa 25 Juni 1975, tsiku lomwelo limene tinapeza ufulu wathu. Masiku ano abale athu ena amapita kumeneko. Amalonda amakagula nsalu, nsapato ndi matelefoni mumzinda wa Guangzhou. Ana athu ena amakaphunzira. Enanso amangomva kuti kuli nchito, mtima nuyamba kuwathamangitsa. Tsono ndi bwino kuti tonse tidziwe malamulo a pakhomo pa eniwo.

Wapaulendo afunika makalata awiri. Yoyamba ndi pasipoti. Iyi ndi kalata ya boma lathu, yonena kuti munthuyu ndi mwana wa Moçambique. Timaitenga ku ofesi ya Migração. Popempha kupita ku China, pasipoti iyenera kukhala yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa isanathe mphamvu. Iyeneranso kukhala ndi masamba osalembedwa.

Yaciwiri ndi viza, imene pa Cipwitikizi amati visto. Iyi ndiyo "lowani" wa boma la China. Timaipempha kwa kazembe wa China ku Maputo tisananyamuke, ndipo amaimata m'kati mwa pasipoti. Mu 2023 China inayamba kulola anthu a maiko ena, monga France ndi Malaysia, kukaceza masiku ocepa opanda viza. Koma ife okhala ndi pasipoti wamba ya Moçambique tifunikabe viza.

Viza siiri ya mtundu umodzi. Iriyonse iri ndi cilembo cace. L ndi ya wokaona dziko. M ndi ya wamalonda. X ndi ya wophunzira. Z ndi ya wokagwira nchito. Wamalonda aonetsa kalata yomuitana yocokera kwa amene akagulana nao. Wophunzira aonetsa kalata ya sukulu imene yamulandira. Wanchito aonetsa cilolezo ca nchito cocokera ku boma la China.

Apa ndi pamene tiyenera kucenjera. Pali anthu a pakamwa pokoma amene amauza mnyamata kuti, "Ndipatse ndalama, ine ndikupezera nchito kunja." Banja ligulitsa mbuzi, ligulitsa cimanga ca m'nkhokwe. Viza ibwera, koma cilembo cace ndi L. Munthu wa viza ya L saloledwa kugwira nchito. Lamulo la China limene linayamba mu 2013 linena kuti mlendo wogwira nchito popanda cilolezo alipira mayuwani 5,000 kufikira 20,000. Yuwani ndiyo ndalama ya kumeneko. Mlandu ukakula angathenso kutsekeredwa ndi kubwezedwa kwao. Pamenepo mbuzi zapita, nchito palibe, ndipo wa pakamwa pokoma uja saonekanso. Cilembo cimodzi cokha cikanatiuza zoona ulendo usanayambe.

Pa viza palinso manambala. Iwo anena zinthu zitatu. Coyamba, tsiku lomaliza limene munthu angalowe m'dzikomo. Caciwiri, angalowe kangati. Cacitatu, akhala masiku angati akalowa. Mau ace ndi a Cichaina ndi Cingerezi, koma manambalawo ndi omwewa timalemba ife. Ngati palembedwa masiku 30, ndi 30 basi. Wopitirira masiku ace angathe kulipira mayuwani 500 pa tsiku liri lonse, kufikira 10,000, kapena kutsekeredwa masiku 5 kufikira 15. Wofuna kuonjezera masiku apemphe ku ofesi yoona za alendo kutatsala masiku 7 kuti nthawi yace ithe.

Pofika pabwalo la ndege, a pamalire aona pasipoti, afunsa kumene munthu akagona, natenga zidindo za zala zace. Atalowa, pali lamulo lina limene tilidziwa kale. Kwathu kuno mlendo wogona m'mudzi timakamuonetsa kwa mfumu. Ku China nakonso ndi cimodzimodzi. Wogona ku hotela, a hotela amlembetsa okha. Wogona kwa mbale kapena kwa bwenzi ayenera kulembetsa kupolisi asanathe maora 24.

Ambiri a ife sitidzakwera ndege ya ku China. Koma mwana wathu kapena mphwathu angabwere tsiku lina ndi pasipoti m'manja, kudzapempha mbuzi ya ulendo. Tisangomdalitsa. Titsegule pasipotiyo pamodzi naye. Tione cilembo, tiwerenge masiku, tifunse amene anampatsa vizayo. Akulu anati safunsa anadya phula.

Tikambirane

1. Kodi pasipoti isiyana bwanji ndi viza?
2. Munthu wokagwira nchito ku China afunika viza ya cilembo canji?
3. Munthu wapitirira masiku ace ndi masiku 4. Angathe kulipira mayuwani angati?