Ndinkamva mawu amene ena sankamva

Ndine mwana wa ku Fíngoè, m'boma la Marávia ku Mozambique, ndipo ndili ku sekondale ndinadwala matenda amene kwathu timangoti misala. Anayamba mwakachetechete. Tulo tinandithawa, anzanga ndinawataya, nsima ndinkaikana poganiza kuti andithirira mankhwala. Kenako ndinayamba kumva anthu osaoneka akundinena ndi kundiseka usiku wonse.

Amayi ankati ndi mizimu. Amalume ankati andilodza ansanje chifukwa cha sukulu. Ena ankati chamba, chomwe sindinasutepo. Anayenda nane kwa asing'anga mpaka kudutsa malire kulowa m'Zambia, mbuzi n'kutha m'khola. Sindiwaimba mlandu, ankafuna moyo wanga. Koma dzinja linadutsa, chilimwe n'kudutsa, mpaka ndinafika pomangidwa ndi chingwe.

Mulungu anandiombola kudzera mwa tekiniko wa matenda a maganizo. Dziko la Mozambique linayamba kuphunzitsa anthu otere mu 1996 poona kuti madokotala a matendawa ndi ochepa, ndipo zipatala zake, cha Infulene ku Maputo ndi cha ku Nampula, zili kutali zedi ndi ife a kumpoto kwa Cahora Bassa. Tekiniko uja anamvetsera osandiseka, n'kundipatsa haloperidol. Mankhwalawa si amasewera: khosi linauma, manja ankanjenjemera, malovu ankangotuluka. Atachepetsa mlingo, thupi linamasuka, mawu aja n'kumazilala.

Ndinabwerera m'kalasi, anzanga atandisiya kale, ndipo pamapeto pake ndinaphunzira sayikoloji. Kumeneko ndinadziwa chimene chimandiwawabe mtima. Ofufuza amawerengera nthawi imene yadutsa kuchokera pamene munthu wayamba kumva mawu kapena kukhulupirira zosakhalako kufikira atalandira mankhwala, ndipo nthawiyo ikatalika, kuchira kumavuta. A chipatala cha Saint John of God ku Mzuzu anafufuzapo zimenezi pakati pa odwala a kumpoto kwa Malawi. Matendawa amakonda kugwira achinyamata, msinkhu umene munthu amalemba mayeso kapena kufunsira mbeta.

Lero kafukufuku wanga ali pomwepo. Ndimakhala pansi ndi asing'anga, abusa ndi aphunzitsi, popeza wodwala amayamba wafika kwa iwo. Sindiwauza kuti asiye ntchito yawo, ndimangopempha kuti mwana akasiya kugona n'kumayankhula yekha amutumizenso kuchipatala sabata lomwelo. Ena amandithamangitsa. Agogo ena a sing'anga anatumiza mtsikana mwezi wathawu, ataperekezedwa ndi mdzukulu wawo panjinga.