Chotupa chachiwiri

Ku Bindura munthu akadandaula kuti mafupa akuphwanya, palibe amene amadabwa. M'komboni ya mgodi wa Trojan, momwe ife adzukulu a anthu ochokera ku Nyasaland tinakulira, kuphwanya kwa thupi timakuwerengera ngati gawo la malipiro. Koma amayi anga sanalowepo pansi pa mgodi. Ankagulitsa tomato. Komabe miyendo inkawawa usiku wonse, ludzu losatha, kudzimbidwa, kuiwalaiwala, kenako miyala mu impso kawiri konse.

Atawayeza magazi ku Harare, anapeza kuti kashiamu wakwera kwambiri. Gwero lake linali m'khosi. Kuseri kwa chithokomiro kuli tiziwalo tinayi, kalikonse kukula ngati kambewu ka mpunga, totchedwa parathyroid. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti kashiamu m'magazi asachuluke kapena kuchepa. Kamodzi kakatupa, ngakhale chotupacho si khansa, kamalamula thupi kuti lizikumba kashiamu m'mafupa osalekeza. Mafupa amafooka, impso n'kumavutika ndi zokumbidwazo.

Mwa odwala ambiri, pafupifupi 8 mwa 10 alionse, kotupa kamakhala kamodzi. Sikani ya amayi inaonetsanso kamodzi, kumanzere. Achimwene anga, amene ankalipira zambiri, anafuna kuti adokotala ang'ambe pang'ono pomwepo, achotse, tibwerere kwathu. Adokotala anakana. Anati sikani imakonda kuonetsa chotupa chachikulu n'kubisa chaching'ono, ndipo popeza panalibe njira yoyezera magazi opaleshoni ili mkati, iwo aona tonse tinayi ndi maso.

Abambo, omwe anali chete m'mawa wonse, anayankha m'Chichewa kuti ine ndimasulire: "Uwauze adokotala achite momwemo. Mwala ukauona pamalo amodzi, suleka kugogoda denga lonse." Anagwira ntchito pansi zaka zambiri, ndipo amadziwa kuti chimapha munthu ndi mwala umene sunaugogode.

Anapeza ziwiri. Chachiwiri chinali kumanja, chobisala pansi. Chikanatsala, kashiamu sakanatsika, ndipo opaleshoni yobwereza imavuta: zipsera zimaphimba njira, mtsempha wa mawu umakhala pangozi. Kunena zoona, ndalama zobwererera tinalibe. Ine ndimaona kuti kwa anthu ngati ife, opaleshoni yotchipa ndi imene sibwerezedwa.

Patapita masiku awiri milomo ndi zala za amayi zinayamba kuchita dzanzi. Anamwino anati mafupa anjala akumeza kashiamu amene analandidwa zaka zonsezo, nawapatsa mapilitsi. Mawu sanasinthe, anatikalipira bwinobwino pa nkhani ya ndiwo.

Potitulutsa, adokotala anawonjezera kuti zotupa zikapezeka zingapo, nthawi zina matendawa amayenda m'magazi a banja, choncho ana tonse tikayezetse. Ine ndinayezetsa, zili bwino. Achimwene mpaka lero akuti apita mwezi wamawa, chikhalirecho msana ukuwawa. Akuti ndi ntchito.