Maso a Agogo Saona Zonse

Amayi anzanga, ine ndinabereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo adzukulu amene ndinawasambitsa m'chikuta sakwanira pa zala za dzanja limodzi. Chifukwa cha ichi ndinkadziyesa katswiri pa za makanda, kufikira tsiku limene namwino wamsinkhu wa mwana wanga wotsiriza anandiphunzitsa mwaulemu. Ndati ndikusimbireni, mwina nkhaniyi ingathandize mnzanga wina waphuma ngati ine.

Mwana wanga wamkazi anachira usiku pachipatala cha kwathu, ndipo anatipatsa mwana wamwamuna, mwana wake woyamba. Kutacha ndinamuyang'ana mdzukuluyo: zala zokwanira, nkhope yosalala, mawu amphamvu. Pomwepo ndinayamba kumanga katundu, pakuti galimoto yopita kumudzi inali kunyamuka m'mawa womwewo. Namwino anati, "Agogo, tayambani mwakhala pansi. Mayi ndi mwana satuluka asanathe maola 24, ndiponso mwanayu sindinamuyeze thupi lonse." Mumtima ndinanyinyirika, ndinati kodi khanda la usiku umodzi nkulivula m'chisanu cha mwezi wa June?

Iye anatseka zenera, nasamba m'manja ndi sopo, nagoneka mwanayo pansalu yofunda pafupi ndi mayi wake. Poyamba anangomuyang'ana osamukhudza, kuona maonekedwe a khungu ndi mmene ankatakasira manja ndi miyendo. Kenaka anawerenga kupuma kwake kwa mphindi yathunthu, natiuza kuti khanda labwino limapuma pakati pa ka 30 ndi ka 60 pamphindi, ndipo likapyola apo, kapena chifuwa chikamalowa m'kati, pafunika thandizo msanga. Kutentha kwa thupi kuyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Pasikelo mwana wathu anapitirira makilogalamu 3. Wosakwana makilogalamu 2.5 ndiye amamuika pachifuwa cha mayi wake, khungu ndi khungu, mwa njira ija timaitcha kangaru.

Atatero anazunguliza tepi pamutu, umene mwa makanda ambiri umakhala pafupi ndi masentimita 35, nasisita liwombo. Anati liwombo si matenda, limatsekeka lokha mwana akamafika chaka ndi theka, koma likatupa kapena kulowa kwambiri ndiye chizindikiro choipa. Anaona maso ngati muli mafinya, anaona makutu, anamvetsera mtima, anapapasa mimba. Pamchombo anayang'ana ngati pakutuluka magazi, natichenjeza kuti tisapakepo china chilichonse koma mankhwala a kuchipatala okha. Anaona kumaliseche ndi kotulukira chimbudzi, nafunsa ngati mwana wakodza ndiponso ngati wachita chimbudzi chakuda chija choyamba. Anapinda miyendo ndi kuitambasula pang'onopang'ono kuti amve ngati m'chiuno muli poguluka, anaona mapazi ngati ngopindika, namutembenuza kuyendetsa chala pamsana ponse. Anadinanso khungu pofuna chikasu, chimene chikaoneka tsiku loyamba, kapena chikafika m'manja ndi m'mapazi, chimatha kuwononga ubongo.

Zonsezi zinali bwino, ndipo ine ndinati mumtima, "Si izi ndimanena!" Koma mwana atalira, namwino anaunika m'kamwa ndi tochi, navala magolovesi, nalowetsa chala chaching'ono kupapasa kumwamba kwa m'kamwamo. Anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsa mwana wanga, "Mayi, kodi akamayamwa mkaka sutulukira m'mphuno?" Mwana wanga anandiyang'ana ine, nagwetsa misozi.

Apa ndiulule mlandu wanga. Usiku uja mwana ankagwira bere ndi kulisiya, akulira, ndipo ine ndinali nditamudzudzula kale mayi wake kuti sadziwa kufungata mwana. Tikanafika kumudzi, ndikudziwa kuti ndikanayamba kukayikira mkamwini wanga za tsempho, banja la ana likanagwedezeka, mwana naye akuwonda tsiku ndi tsiku. Chikhalirecho milomo yake inali yabwinobwino, koma kumwamba kwa m'kamwa, chakukhosi, kunali kong'ambika, moti sankatha kukoka mkaka. Namwino anatifotokozera kuti mbali ziwiri za m'kamwa zimalumikizana m'miyezi itatu yoyamba ya pathupi, ndipo mwa ana ena sizikumana. Si ufiti, si kulakwira mwambo kwa mayi kapena bambo.

Galimoto ija inapita, ife tinatsala. Anaphunzitsa mwana wanga kufinya mkaka wa m'mawere ndi kumwetsa khanda ndi kakapu, ataliimika chokhala kuti lisatsamwe. Mwana analandira katemera wa BCG ndi wa poliyo, ndipo tinapatsidwa kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Atatsala pang'ono kukwanitsa chaka madokotala anamusoka, ndipo lero ndi iye amene amandiitana kuchokera kukhola kuti mbuzi zatuluka.

Tsono amayi anzanga, akumudzi ndi a m'tauni omwe, mwana akabadwa musathamangire kunyumba chifukwa cha ndiwo zimene munasiya pamoto kapena alendo obwera kudzaona mwana. Funsani ngati mwana wayezedwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo poyezapo khalani pomwepo, muone ndi maso anu. Nenani zonse zimene mwaona usiku, ngakhale zooneka zazing'ono, pakuti namwino amamuona mwana mphindi zochepa, inu mumachezera naye. Mwana akabadwira panjira kapena kunyumba, mupite naye tsiku lomwelo. Mukatuluka, sungani masiku amene akuuzani kuti mubwerenso, m'sabata yoyamba ndi pamasabata 6. Koma mwana akasiya kuyamwa, akatentha kapena kuzizira thupi, akamakomoka, akamapuma mothamanga, kapena mchombo ukafiira ndi kununkha, musadikire tsiku lolembedwa, ngakhale ali m'chikuta.

Ndipo kwa ife agogo ndili ndi mawu amodzi. Akulu anati safunsa anadya phula. Nzeru zathu nzofunika pofunditsa mwana ndi kulimbitsa mtima mayi wake, koma m'kamwa mwa mdzukulu wanga ndinali ndisanaunikemo, ngakhale ndinalera ana asanu ndi mmodzi.